Mwana Wanga Anandipha m'Buku

1

Zaka makumi awiri ndi ziwiri mwana wanga Kamiel anakhala akundizemba ndi ngongole yanga, ndipo yankho lake linali limodzi lokhalokha: "Chaka chamawa, amayi." Si ngongole ya ndalama. Ikanakhala ya ndalama bwenzi nditamuvula jekete pamsewu kalekale, chifukwa mumzinda wa Oostende muno palibe amene anathawapo ndi khobidi la Sidonie Lauwereins. Mnyamatayu anandipha, kenako n'kulonjeza kuti adzandiukitsa.

Anandiphera pa tsamba 41. Inu amene mumawerenga mabuku mukulidziwa buku lake lija, Mchere Pakhomo. Mnyamata atengedwa ndi Ajeremani kukagwira ntchito yakalavulagaga ku fakitale. Ali komweko alandira kalata yoti mayi ake afa ndi bomba. Nkhondo itatha ayenda wapansi mpaka kwawo, aima pakhomo, akweza dzanja kuti agogode, buku n'kuthera pomwepo, pakati pa chiganizo, popanda ngakhale kadontho. Akuti aphunzitsi amagwetsa misozi akamaliwerenga m'kalasi. Agwetse. Ine mayi wakufayo ndimalawirira tsiku lililonse kukalanda nsomba zabwino padoko, Irma wa benchi loyandikana ndi langa kumsika asananditsogolere.

Sukulu ndinalekezera chaka chachitatu. Kuwerenga ndimawerenga, koma ngati nkhuku ikumwa madzi: dontho, kuyang'ana kumwamba, dontho lina. Zimene mukuwerengazi zandidyera milungu isanu ndi mapensulo awiri, choncho musandifulumizitse komanso musandikonze. Nanenso ndili ndi mbali yanga pa nkhaniyi. Tifikako.

2

Kamiel anabwerako ku Jeremani mu 1945 ali mafupa okhaokha, khosi ngati la botolo. Bambo ake, a Prosper, anangomuona miyezi inayi. Boti lawo linagunda bomba lotsalira m'nyanja ndipo sitinaike m'manda ngakhale chipewa. Ine ndinkaganiza kuti mwana atenga mpeni n'kuima nane pa benchi. Iye anatenga pensulo n'kukwera kukachipinda ka kudenga.

"Iwe, ukutani kumtundako?"

"Ndikulemba buku, amayi."

"La ndani?"

"La aliyense."

"Aliyenseyo wapereka kale kangachepe?"

Masiku amenewo kamwa ankaitsegula pa nthawi ya chakudya basi.

Kenako panabwera mtsikana. Dzina lake Godelieve Pyliser, tonse tinkangoti Lieve. Ankatayipa makalata ku ofesi ya ogulitsa zingwe ndi maukonde. Anali mwana wabwino, wamanja oyera ndi mutu wogwira. Chimodzi chokha ndinachedwa kumukhululukira: tsiku lina anandinenerera mtengo wa nsomba mpaka ndinagonja, anthu akuona. Kamiel atandipempha mphete ya agogo ake kuti amutomere, tinakambirana masiku atatu. Ndinamupatsa atavomera kumandipalira mabokosi Loweruka lililonse. Anapala kawiri.

Inu ana a lero simungamvetse mmene mapepala ankasowera. Bola shuga ankapezekako. Nyuzipepala inali ya masamba awiri, yopyapyala moti ukakulunga nsomba inkatulukira mbali inayo ili ndi nkhani za ndale pamimba. Lieve ankabwereka makina a ku ofesi Lamlungu lililonse n'kumatayipa bukulo kuseri kwa mafomu akale a chakudya amene abwana ake ankafuna kutaya. Pepala lolimba, lokhuthala, losalowa madzi msanga. Zimene Kamiel ankalemba pamanja, zikangotayipidwa zinkalowa m'mbaula, chifukwa chisanu cha 1947 chinaumitsa ndi madzi a m'ndowa omwe ndipo malasha kunalibe. Ndiye kuti buku lonse padziko lapansi linali limodzi lokha.

Anamaliza sabata ya Pasaka. Anaunjika mapepalawo patebulo la kukhitchini, mulu wautali ngati buledi awiri, n'kumanga ndi chingwe. Lieve anati adzadutsa m'mawa wa Lachisanu Loyera kuti akalikulunge ku positi n'kulitumiza kwa wosindikiza mabuku wa ku Antwerp.

"Amayi, chonde musaikepo kapu."

"Ndili ndi nthawi ya zinyalala zako ine?"

Lachisanu Loyera mzinda wonse umadya nsomba, ngakhale amene sanapondeko kutchalitchi chibatizidwire. Mzere unafika pamlatho. Za tsiku limenelo ndingokuuzani kaye kuti ndinagulitsa mpaka kamchira komaliza, ndipo Lieve anapita ku positi ndi mulu womangidwa bwinobwino.

3

Patatha miyezi iwiri, wosindikiza uja anabwera yekha. Bambo Haegeman, mimba patsogolo, chipewa m'manja, mpango pamphuno chifukwa cha kafungo ka m'nyumba mwathu. Kafungo kameneko ndi kamene kanaphunzitsa mwana sukulu, koma ndinangowathirira khofi.

"Mnyamata," anatero atagwira Kamiel mapewa onse awiri, "ine ndawerenga mabuku a nkhondo makumi asanu chaka chino. Onse amalongolola ngati apongozi. Koma mathero akowa! Sindinadye nkhomaliro."

Kamiel anamwetulira mpaka m'makutu. "Mutu womaliza uja ndinaulemba kasanu, bwana."

"Zikuoneka! Dzanja lili m'mwamba, chitseko chili chitsekere, kenako zii! Palibe womutsegulira. Dziko lonse la Belgium laima pakhomo limenelo."

Kumwetulira kuja kunayamba kutsetsereka.

"Kenako zii bwanji, bwana?"

"Zii basi. Tsamba 282."

"Masamba alipo 312."

Bambo Haegeman anaseka mpaka khofi anadumphira pathalauza. "Olemba inu! Alipo 282, ndipo ndi okwana."

Kamiel anatuwa ngati mimba ya nsomba. Anakhuthula chikwama cha mlendo patebulo, kuwerenga, kuwerenganso, kusuzumira ndi pansi pa mpando. Ine ndinapeza kuti poto wina akufunika kukwechedwa mwamsanga.

"Bwana, pasowa mutu wonse. Ndipatseni mwezi, ndiulembanso."

"Ukangowonjezera liwu limodzi, ukasindikize kwa ansembe pamodzi ndi nyimbo za maliro. Ine ndikufuna ili, mmene lililimu. Mayi, muuzeni mwana wanu."

Ndinatembenuka, poto m'manja. "Kasitomala akakonda nsomba yopanda mchira, sumuthamangira ndi mchira. Saina, iwe."

Anasaina. Mlendo atangotuluka anatenga chipewa.

"Ukupita kuti?"

"Kwa amene ananyamula mapepala anga."

4

Akanapita kunyumba kwawo bwenzi zitathera m'makoma anayi. Koma anakumana naye pamsika, pamaso pa benchi langa, Lieve akubwera kudzandipatsa moni. Ine ndinali nditamutsatira mwanayo ndi epuloni yomwe.

"Masamba makumi atatu, Lieve! Unawataya kuti?"

"Masamba ati?"

"Usandipusitse! Unayamba wadutsa kosoka madiresi, si choncho? Unatula mulu pansi n'kumayeza nsalu ya ukwati!"

"Kamiel, tsitsa mawu. Ndinachoka kwanu n'kulunjika ku positi. Chingwe sindinachikhudze."

"Ndiye anamera mapiko? Zaka ziwiri za moyo wanga ndinapatsa munthu wamutu wa nkhuku!"

Msika wonse unasiya malonda. Irma anazimitsa ndi ndudu yomwe kuti amve bwino. Lieve anandiyang'ana ine.

"Mayi Sidonie, inu munalipo m'mawa uja. Nenani."

Nthawi yoyankhula inali imeneyo. Ine amene sindinasowepo mawu chibadwire, amene ndinatukwanapo msilikali wa Chijeremani chifukwa chofinya nsomba osagula, ndinayang'ana sikelo.

"Ine za mapepala sindizidziwa, mwanawe."

Sanalire. Anavula mphete pang'onopang'ono, n'kuiponya m'bokosi la nsomba za heringi, n'kumapita msana uli chilili. Kamiel analowera kwina. Ine ndinapinda malaya n'kupisa mkono m'bokosimo mpaka m'chigongono, chifukwa mphete inali ya amayi anga ndipo Irma anali atayamba kale kusendera.

Kuyambira tsiku limenelo anthu a kudoko anamutcha Lieve Wotaya. Munthu akaiwala ambulera, ankati wachita za Lieve. Patapita zaka zitatu anakwatiwa ndi Firmin wophika buledi, ndipo nsomba ankagula kwa Irma. Chimenecho chinandiwawa kuposa zonse.

5

Buku linatuluka, ndipo linagulidwa ngati mbatata nthawi ya njala. Kamiel anasamukira ku Antwerp, anagula magalasi a maso ngakhale ankaona bwinobwino, n'kuyamba kusuta kaliwo. Pa wailesi ndinamumva akufotokoza kuti anasiya chiganizo pakati mwadala, chifukwa nkhondo inatilanda mawu. Ndinatsala pang'ono kudzicheka chala.

Tsoka linabwera ndi mtolankhani wina amene anamufunsa kuti, "Nanga mayi anu enieni?" Mwana wanga, m'malo monena kuti ali pa benchi lachitatu kuchokera pamlatho, anayang'ana pansi n'kuusa moyo. Basi. M'mawa mwake nyuzipepala inandiika m'manda.

Mudzafunsa kuti bodza lotere linakhala bwanji zaka zonsezi. N'zosavuta. Ogula nsomba kwa ine sawerenga mabuku, ndipo owerenga mabuku amatuma antchito kumsika. Ankabwera m'chilimwe, atsikana a ku yunivesite ndi azibambo a ndevu, n'kumasiya maluwa pakhomo panga. Wina anandipeza ndikukolopa pakhonde.

"Amayi, kodi malemuwa munkawadziwa?"

"Kwambiri."

"Anali munthu wotani?"

"Wosachedwa kupsa mtima. Chotsani phazi, ndakolopapo."

Maluwawo ndinkawapereka kwa mkazi wogulitsa maluwa kumanda, iye n'kumandipatsa mazira. Imfa yanga sinapite pachabe.

Koma kunena zoona zinkandibaya. Munthu unamunyamula miyezi isanu ndi inayi, unamudikira zaka ziwiri uli maso kunjira, lero akuchita nawe manyazi chifukwa cha mamba a m'manja. Ankabwera kawiri pachaka, kolala ataimika, kulowera khomo lakuseri.

"Undiukitsa liti?"

"Amayi, si zophweka. Anthu anandipatsa mphoto."

"Mphotoyo anapatsa buku kapena maliro anga?"

"Ndikonza m'buku lotsatira. Chaka chamawa."

M'buku lachiwiri mayi anamira m'ngalande. M'lachitatu anathawa ndi woimba gitala. M'lachinayi munalibe mayi, munali galu woganiza kwambiri. Onsewa sanagulidwe kwenikweni, moti Kamiel ankadyabe za dzanja lija lili m'mwamba. Anakwatira kawiri, akazi ophunzira, onse anamusiya. Za mutu wosowa uja sanazitchulenso, ndipo ine sindinafunsepo kuti munali chiyani. Amene wadya nkhuku safunsa kuti inali ya maanga otani.

6

Chaka chatha, 1969, kunabwera kalata yochokera ku gulu lina la okonda mabuku. Inalembedwa kwa "Wokhala m'nyumbayi". Ankapempha chilolezo chodzakhoma chikwangwani cha mkuwa pakhoma langa, cholembedwa kuti: Pakhomo pano panasowa womutsegulira. Kudzakhala pulofesa, ojambula, ndi mlembi mwini wake.

Ndinayankha kuti akhome. Kenako ndinauza msika wonse, aliyense wogula ndi wongodutsa, kuti tsiku limenelo mwana wanga alipira ngongole, apo ayi aona chimene chinameta nkhanga mpala.

Kamiel anafika m'mawa wa tsikulo, mwambo uli wa masana. Ndinamukhazika kukhitchini.

"Lero unena pamaso pa anthu kuti mayi ako ali moyo."

"Amayi, mukapite kwa azakhali ku Nieuwpoort, mukapume tsiku limodzi. Ndikugulirani chikhoti chaubweya."

"Ndili nacho."

"Firiji."

"Maliro safuna firiji akatha zaka makumi awiri. Unena kapena sunena?"

"Mukudziwa chimene mukundipempha? Andiseka dziko lonse. Buku lija ndi lokhalo limene ndili nalo."

"Mayi uli nawo angati?"

Tili mkati mokokana choncho, khomo lakuseri linatseguka popanda odi. Analowa mzimayi wonenepa bwino, tsitsi la imvi, ufa pamkono. Kamiel anaimirira mpaka mpando unagwa.

"Lieve."

"Khala pansi, Kamiel, sindinabwerere iwe. Mayi Sidonie, milungu itatu tsopano ndikukumvani muli pa benchi, ngongole, ngongole, mpaka makutu anga atupa. Ndati ndikuthandizeni kuwerengera."

Anatsegula kachikwama n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. Analiyala patebulo. Linali lachikasu, pakati pali banga lamafuta looneka ngati nsomba, mutu ndi mchira womwe. Pakona panali nambala: 283.

Ndinalizindikira nthawi yomweyo.

"Amayi anga anagula heringi ziwiri kwa inu Lachisanu Loyera lija," anatero Lieve. "Pepala analiwongola n'kuliyala m'kabati ya masupuni, monga ankachitira aliyense. Ndinalipeza chaka chotsatira."

Kamiel anayang'ana pepala, anayang'ana ine, anayang'ananso pepala.

"Amayi?"

Tsopano tafika pa mbali yanga ija. M'mawa umenewo ndinali ndi mabokosi asanu ndi limodzi a nsomba ndi nyuzipepala zinayi zokha. Kasitomala sungamupatse heringi m'manja ngati ukumupatsa moni. Ndinaona mulu patebulo, pepala labwino lolimba, masamba mazana atatu. Ndinati mwa zochuluka chonchi, ndani angawerenge? Ndipo sindinatenge mwachisawawa ayi, ndinaganiza. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa mmene bokosi limapakidwira: zazikulu ndi zonyezimira pamwamba, zoswekaswekazo ndi za dzulo pansi. Chikhalire sindinaonepo munthu woika zabwino pansi. Ndiye ndinamasula chingwe, ndinasiya zapamwamba zonse osazikhudza, ndinasolola zapansi zokwana chala chimodzi, n'kumanganso mfundo ya asodzi. Ndinkaona ngati ndamuchitira ulemu.

Ndinawauza zimenezi momwemu. Kukhitchini kunangoti zii ngati tsamba 282.

"Munakulungira nsomba," anatero Kamiel, mawu ali ngati a munthu wolota.

"Makasitomala makumi atatu. Palibe anadandaula."

"Munandisiya ndikunyoza Lieve pamsika."



Anatembenukira kwa Lieve. "Nanga iwe, unalipeza mu 1948, osandiuza?"

"Unandifunsa? Unafika ndi chigamulo m'thumba. Ndinaona kuti mwamuna amene angandipachike chifukwa cha mapepala, tsiku lina adzandipachika chifukwa cha supuni. Firmin akasowa kanthu amayamba wayang'ana m'thumba mwake." Kenako anakankhira pepala kwa ine. "Koma si zokhazo. Werengani, mayi. Mokweza."

"Magalasi anga ali kutali."

"Ali pamphuno panu."

Ndinawerenga, dontho ndi dontho, chala chikutsata mzere. Panalembedwa kuti chitseko chinatseguka. Pakhomo panaima mayi ake, amoyo, mpeni m'manja, mamba mpaka m'zigongono. Kalata ija inali yolakwika, bomba linagwera nyumba ya pafupi. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, Wachedwa, ndipo waonda ngati chingwe. Pukuta mapazi, ndakolopa.

Mawu amenewo ndi anga. Ndi amene ndinamulandira nawo mu 1945, chifukwa ndikanati ndinene ena aliwonse ndikanagwa pansi.

"Ndinakuukitsani kale, amayi," anatero Kamiel. "Masamba makumi atatu onse anali a inu. Mutu wabwino kuposa yonse. Munadzigulitsa nokha pamodzi ndi heringi."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndikanayamba bwanji? Ndinali nditauza kale dziko lonse kuti kunalibe mutu wotero."

Lieve anaimirira n'kukonza siketi. "Pepalalo sungani. Ine buledi ali mu uvuni."

"Lieve, mwanawe," ndinatero, "ndinakulakwira."

"Kwambiri," anayankha, n'kutuluka.

Kamiel anavala chipewa. Pakhomo anatembenuka.

"Ngongole ija iwalani. Ine odzipha okha sindiwaukitsa."

7

Ndinakhala kukhitchini, pepala lili pamiyendo. Ndinaliwerenganso katatu. Cha m'ma 2 koloko ndinamva phokoso panja: magalimoto, nsapato zabwino, kenako nyundo ikugogoda khoma langa. Ndinasuzumira pakatani. Anthu ngati makumi asanu, ena atanyamula buku pachifuwa. Kumbuyo kwawo kunaima a kudoko, Irma patsogolo, atapinda manja, akudikira ngati amphaka pa nthawi yotumbula nsomba.

Pulofesa, kamunthu kakafupi kadazi, anayankhula mphindi makumi anayi. Anati chitseko ichi si chitseko. Anati ndi bala. Chitseko chimene ndinachipaka utoto ndekha mwezi wa Meyi! Kenako wojambula anapempha kuti mlembi aime pakhomo, akweze dzanja ngati m'buku muja.

Ndinali nditaima kale kuseri kwake. Ndinkamva mpweya wa mwana wanga kupyola thabwa. Ndinaganiza kuti wakana, ndipo ali ndi chifukwa chokanira. Ndinaganizanso kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinatsekula.

Dzanja lake linali m'mwamba, pafupi ndi mphuno yanga. Ndinali ndi epuloni ya ntchito, nsapato zamatabwa, tsitsi ngati chisa. Zimene ndinakonza kuti ndinene zonse zinathawa.

"Tsitsa dzanjalo," ndinatero, "ukuoneka ngati ukuimitsa basi."

Kumbuyo kuja Irma anaphulika nako kuseka. Pulofesa anathamangira kutsogolo, nkhope ili psuu.

"Amayi, chonde, tili pa mwambo! Mukolopa nthawi ina. A Lauwereins, pepani kwambiri, kodi ameneyu ndi wantchito wa m'nyumba muno?"

Kamiel anandiyang'ana. Akanatha kungogwedeza mutu, kapena kuyang'ana pansi n'kuusa moyo, luso lake lija. Ine sindikanatsutsa. Ndikulumbira, tsiku limenelo ndikanatenga ndowa n'kukolopa. Anavula magalasi aja n'kuwaika m'thumba.

"Awa ndi amayi anga," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "Awa ndi amayi anga, a Sidonie Lauwereins. Sanafepo. Sanadwalepo ngakhale chimfine. Ndipo mathero amene mwakhala mukuwatamanda zaka zonsezi si anga. Anakonza ndi iwowa, Lachisanu Loyera, ndi mpeni wa nsomba."

"Ndi manja," ndinamukonza. "Mpeni sindinagwiritse."

Mtsikana wina anagwetsa maluwa. Pulofesa anatsegula kamwa, kutseka, kutsegulanso, ngati nsomba yongovuulidwa kumene. Ojambula okha ndi amene anasangalala. Kamiel anafotokoza zonse ali chiimire pakhonde, ndipo anatchula dzina la Godelieve Pyliser kawiri, kuti a kudoko amve kuti sanataye kanthu.

Wokhoma chikwangwani anandiyandikira, nyundo m'manja.

"Ndiye ndizule, mayi?"

"Zulani. Mabowowo mutseke bwino, mvula imalowa."

8

Nyuzipepala zinamudya mwana wanga mwezi wathunthu. Ena anati ndi wabodza, abweze mphoto. Pulofesa uja, atapuma, analemba nkhani yaitali yonena kuti dzanja la mayi wosaphunzira ndi limene linalankhula m'malo mwa mbiri. Sindinaimve, koma pepala lake linali labwino. Kamiel anatsekera kaliwo m'kabati ndipo akuti akulemba buku lina. Sindinafunse ngati muli mayi.

Kwa Lieve ndinapita ndekha, nditanyamula nsomba yaikulu kuposa zonse za tsikulo. Anailandira, anaiyang'ana m'makha ngati ndingamunamize, n'kunena kuti zikomo. Amagulabe kwa Irma. Sindikumudandaula. Nsomba imawola tsiku lachitatu, koma mlandu suwola, ndipo wanga ndinausunga nthawi yaitali moti palibe mchere ungaukonze.

Tsono inu azimayi anzanga amene mukuwerenga magazini ino podikira kuti tsitsi liume, ndimvereni. Kutenga mapepala aja sikunali tchimo lalikulu. Kunali kusadziwa, ndipo aliyense wa pa benchi akanachita chimodzimodzi. Tchimo linali pamsika paja, mwana wa eni atandiyang'ana n'kuti nenani, ine n'kuyang'ana sikelo. Ndinaopa kuti mwana wanga adana nane sabata imodzi, ndiye ndinamulanda mkazi wa moyo wonse. Pa malonda onse amene ndachita, amenewa ndi okhawo amene ndinaluza mochititsa manyazi. Mukalakwa nenani tsiku lomwelo, mutukwanidwe zikadali zaziwisi.

Madzulo a tsiku la chikwangwani, Kamiel akupita kokwera sitima, anatulukira khomo lakumaso. Anandipsompsona pachipumi, chinthu chimene sanachitepo, n'kunena kuti, "Ndalipira, amayi. Palibenso chotsala."

Ndinavomera kuti palibe. Koma atakhota pakona ndinachita mantha. Zaka zonsezi chimene chinkamubweretsa kuno ndi kukangana kumeneku, ndipo munthu amene walipira zonse sakhalanso ndi chifukwa chodutsira pa benchi lako. Walemba kuti abwera pa Khirisimasi. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, dazi layamba, mkazi alibe. Ndaganiza zoti akangokhala pansi ndimufunse za zidzukulu.